Kuumba kwawo kwa a Irma

Lolemba
A Irma Rozina, sisitere wa ku Italiya amene analandira ana anga onse pobadwa, akunyamuka Lamulungu. Akalamba, ndiye akuitanidwa kwawo. Ena akupereka nkhuku ndi mbatata. Ine, woumba mbiya, nkhuku ayi. Ndiwaumbira katauni kawo kaja amatisimbira nthawi zonse, adziwe kuti tinkamvetsera. Zofunika: nsanja ya belu, linga lakale, mlatho wa Aroma, ndi mkango wamwala wolavula madzi pabwalo.

Lachiwiri
Ndikuwafunsa mozemba. Akuti linga analimanga makolo awo poopa tauni yoyandikana nayo, pano anthu ake amakwatirana. Nsanja njotalika bwanji? "Ngati bulugamu wa kuseri kwa shikola." Mlatho? "Ngati wa panjira ya ku Domwe, kungoti sipadutsa malole." Chilichonse cha kwawo akuchiyeza ndi cha kuno. Dothi ndakumba kudambo, msana ukudandaula.

Lachitatu
Mkango sindinauonepo, koma ndaumba. Amuna anga, bambo a Fatima, akuuyang'ana mbali zonse. "Nkhumba yonenepa bwino iyi." Sindikuwayankhula.

Lachinayi
Nkhungu tsiku lonse, dothi silikuuma. Nsanja yayamba kupendekera ku Malawi. Ndaichirikiza ndi mthiko.

Lachisanu
Mbuzi! Yalowa mumzinda ngati adani aja. Theka la linga lapita. Akuti la kwawo linapirira nkhondo zambirimbiri, langa lagonja kwa mbuzi imodzi yabere. Mthiko nawo ukufunika kukhitchini.

Loweruka
Ndawotcha. Mlatho waduka pakati, mkango wathothoka mphuno. Ndakhala pansi n'kulira, osati chifukwa cha dothi. Munthu amene anandigwira dzanja titangobwera kuchokera kothawa nkhondo, ndimutsanzike ndi zigumu za dothi? Ndabisa zonse kuseri kwa nkhokwe. Mawa ndigwira nkhuku ngati anzanga.

Lamulungu
Nkhuku yathawa. Bambo a Fatima, osandiuza, anyamula zigumu zija panjinga mpaka pakhomo la tchalitchi. Ndikulakalaka nthaka itandimeza.

A Irma akuwerama, akuyang'anitsitsa, kenako akuseka mpaka misozi. "Amayi a Fatima, wakuuzani ndani? Nsanja yathu njopendekeka, linga ndi logumuka, mlatho sawolokapo, mkango mphuno unataya kale. Alendo amabwera kudzaona zomwezi."

Ndiye kuti mbuzi ija inkadziwa ntchito kuposa ine.

Chikwama chawo n'chaching'ono, zonse sizingalowe. Akusankha nkhumba ija. Akuinunkhiza, kuseka kwatha.

"Kumeneko miyala ndikaipeza, koma wondidziwa watsala ndani?" akutero chapansipansi. "Ichi nditenga. Ndi dothi la kwathu."

Sindikufunsa kuti kwathu kuti. Chapa, minibasi ya ku Tete, yanyamuka nawo. Nsanja yabwerera nane kunyumba, ili pakhonde, ikupendekerabe.