Denga Limodzi, Mipingo Iwiri

Lolemba

Ndafika ku Thyolo pa minibasi, mwendo umodzi uli pathumba la makala a eni. Ndatenga tchuthi cha sabata imodzi kuntchito ku Limbe. Chifukwa chake: Layini ya Mabulugama, nyumba yaitali ya njerwa zofiira yomwe ndinabadwiramo, ili pa ngozi. Bwana woona za nyumba pa esiteti ya tiyi pano walamula kuti layini iliyonse yakale yodontha igwetsedwe mvula isanalimbe. Abwera kudzaona Lolemba likudzali. Yathu siidontha ayi, imachita kuthira.

Zitseko zisanu ndi chimodzi, denga limodzi. Amayi ali pa chitseko chachitatu. Akagwetsa, ndiye kuti amayi adzakhala nane ku Limbe m'chipinda chimodzi, zomwe tonse awiri tikupemphera kuti zisachitike.

Esiteti yapereka malata akale ochotsa pa shedi. Misomali ilipo. Chomwe chimasowa ndi munthu wa digiri ya kakonzedwe ka matauni, ndiye ndabwera.

Dongosolo langa, lomwe ndawerengera anthu pansi pa mtengo wa mapeyala:
1. Denga
2. Laimu pamakoma
3. Maluwa kutsogolo
4. Chikwangwani chonena kuti ano ndi malo a mbiri

Zonse Loweruka, tonse pamodzi, poti mkati mwa sabata achinyamata ali kothyola tiyi. Theka la anthu laomba m'manja. Theka lina layang'ana a Namakhwa a pa chitseko chachiwiri, kapitawo wopuma, mkulu wa mpingo wa Sabata. Iwo ayang'ana kumwamba. Zaka zinayi ku yunivesite, ndaiwala kuti kwathu kuno Loweruka lili ndi eni ake.

Lachiwiri

Chabwino, Lamulungu. Ndalengeza m'mawa. A Mulipa a pa chitseko choyamba, kale dalaivala wa thirakitala, pano oimba besi m'kwaya ya Akatolika: "A Digiri, mukufuna bambo mfumu achite Misa ndi mabenchi okha?"

Ndayenda khomo ndi khomo. Choyamba, chachitatu, chachisanu: opemphera Lamulungu. Zitseko za pakati pake ndi chakumapeto: a Sabata. Kalaliki amene ankagawa nyumbazi kapena anali ndi nzeru zakuya, kapena tinamulakwira.

Chikwangwani chafa lero. Mawu ndinali nditakonza kale, onena kuti pano panafikira makolo athu ochokera ku Mozambiki. A Mulipa ati ndiwonjezere kuti nsikidzi ndizo zinafika poyamba. Amayi ati chikwangwani chimaitana alendo, alendo amafuna mpando ndi tiyi, ndipo iwo athyola tiyi moyo wawo wonse, sangayambenso kumuphikira anthu osawadziwa.

Lachitatu

Lero ndayesa za Mulungu. Ndapita kwa a Namakhwa ndi mfundo yomwe ndimaiona ngati yogwetsa njovu: ng'ombe ikagwera m'dzenje pa Sabata, simumaitulutsa?

"Ng'ombe imagwa mwadzidzidzi, mwana wanga. Denga ili linayamba kugwa ine ndili ndi tsitsi."

Andipatsa kalongonda m'mbale ndi kabuku koti ndikawerenge. Kalongondayo ngwabwino.

Maluwa afanso. Mbande ndinapempha kwa wosamalira dimba kunyumba za mabwana, ndabzala bwinobwino mzere wowongoka ndi chingwe. Pofika masana mbuzi ya pa chitseko chachisanu yadya zonse, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osadumpha. Pa layini yonseyi ndi mbuzi yokhayi yomwe yatenga nawo mbali m'dongosolo langa ndi mtima wonse.

Lachinayi

Laimu. Ndati ndionetse chitsanzo pakhoma la amayi. Loyera mbee, ngati chipatala cha mishoni. Kenaka kamvula kamasana. Dothi lofiira la ku Thyolo lathovukira khoma mpaka m'chiuno, ndipo pano likuoneka ngati epuloni ya wogulitsa nyama. Anthu akubwera kudzaona. Mayi wina wafunsa mwaulemu kuti mtundu umenewu tinauphunzira chaka chachingati.

Laimu wotsala wabwerekedwa. Akuti kuli chiliza ku Goliati, ndipo womwalirayo sangadikire ngati khoma.

Madzulo amayi andifunsa ngati ku Limbe kuli poika mtondo. Afunsa akuseka, koma kuseli kwa chitseko ndaona mbale zawo za alendo zitamangidwa kale m'chitenje. Ineyo sindinaseke.

Zotsala pa dongosolo: denga.

Lachisanu

Nzeru yatsopano! Lero poweruka, dzuwa lisanalowe kuti Sabata liyambe, tsikuli lilibe mwini. Aliyense wavomera.

Lole yoyeza tiyi yachedwa kumunda. Achinyamata afika dzuwa litakhala kale pamwamba pa phiri. A Namakhwa akwera makwerero ndi hamala, azula misomali iwiri, ayang'ana kumadzulo, atsika.

A Mulipa, mokoma mtima: "Musavutike, akulu. Mawa ife tifolera denga lonse, inu muzikaimba."

A Namakhwa akana. Akuti lamulo silinena za mwini nyumba yekha, ngakhale mlendo sagwira ntchito pakhomo pako tsikulo. Dzuwa litatsala ngati chala, atola khala lozima n'kujambula mizere pakhoma, kuchokera pansi mpaka kudenga, kumalire a chipinda chilichonse cha a Sabata. "Kuyambira apa mpaka apa, musakhudze."

Ku yunivesite tinkati kugawa malo molingana ndi ntchito yake. Sindinadziwe kuti zimatheka ndi khala.

Loweruka

A Sabata achoka m'mawa, masuti ndi madiresi oyera, akulambalala matope. Ife takwera padenga. A Mulipa akulamula ngati adakali pa thirakitala. Ine andipatsa ntchito yogwira makwerero, akuti imafuna munthu woganiza.

Tafolera chipinda choyamba, tadumpha, chachitatu, tadumpha, chachisanu. Vuto: lata limayenera kugona pa linzake. Pamzere wa khala, lata latsopano lakumana ndi lakale popanda msomali, ngati anthu okwiyirana pa benchi imodzi. Ukaliona uli kumsewu, dengalo lili ngati bolodi la drafuti.

Masana mvula yeniyeni. Yapeza mipata yonse isanu. Mvula ilibe mpingo: yalowa kwa a Sabata, yalowa kwa a Lamulungu, yalowa kwa amayi mbali ziwiri. Kale ankatchera mabeseni atatu, lero asanu ndi poto.

A Namakhwa abwerera, akhala pabedi ndi akazi awo, ambulera m'manja, ayamba nyimbo. Makoma a m'layini safika kudenga, ndiye timamva zonse. Pa vesi yachiwiri a Mulipa alephera kudziletsa, alowetsa besi kuchokera kuseli kwa khoma. Pa yachitatu layini yonse ikuimba, madontho akugunda m'mabeseni. Nyimbo itatha, mawu a a Namakhwa: "A Mulipa, hamala yanu ija musabise."

Amayi amanga chitenje chachiwiri.

Lamulungu

Ndagonja. Ndaperekeza amayi ku tchalitchi, njira yonse ndikuyeza m'mutu chipinda changa cha ku Limbe. Mtondo ungalowe ngati ine nditamagona chokhala.

Pobwerera tamva kugogoda tisanadutse mabulugama. Padenga pali anthu, a Sabata onse, ndi anzawo ochokera kumishoni, mpaka namwino wina wamwamuna ali ndi misomali kukamwa. Afolera zipinda zawo zitatu, ndipo pamizere ya khala ija agoneka malata pa athu n'kukhoma. Kwa amayi akhoma mbali zonse ziwiri.

A Mulipa aima, manja m'chiuno: "Akulu, mwakhoma padenga langa tsiku la Mulungu?"

A Namakhwa, ali padenga: "Inu munajambula mzere?"

A Mulipa aganiza pang'ono. Ati zimenezi akaziulula kwa bambo mfumu, ndipo poti akaulula kale, kuli bwino akwere athandize kumaliza pamsonga. Avula jekete.

Ine ndagwiranso makwerero.

Mvula yabwera madzulo ngati yotumidwa kudzayendera ntchito. Takhala m'nyumba, maso kudenga. Phokoso lokhalokha, dontho ayi, kupatula kadontho kamodzi pakona ya a Namakhwa, komwe akuti akonza mawa m'mawa bwana asanafike, Lolemba poti lilibe mwini.

Zotsatira za sabata: chikwangwani palibe, maluwa ali m'mimba mwa mbuzi, khoma ndi la mtundu wosadziwika, denga ndi la zigamba ndipo dzina langa silikumveka paliponse. Akuti tsopano zikhala choncho: a Lamulungu azigwira Loweruka, a Sabata Lamulungu, ndipo akuyamba ndi ngalande. Sanapemphe dongosolo. Layini yomwe ndinkati ilibe tsiku logwira ntchito ili ndi awiri.

Amayi amasula zitenje, mbale zabwerera pa shelefu. Beseni lina lakale, lomwe latchera madontho zaka zonsezi mpaka kubooka, alidzaza dothi n'kufesamo mpiru, aliika pakhonde pamwamba poti mbuzi singafike.

"Maluwa ako aja ndi awa. Ulembe kuti zatheka ziwiri."

Ndalemba.