Maula a Supageti

Lolemba

A Mwanza, mlonda wa pageti pathu pano, wochokera ku Chipata uja, andifunsira pa foni: "Nikufunani, muniyankhe." Mtima phaphapha! Koma ndifunse nzeru kwa ndani? Amayi a gulu lathu la mapemphero sasunga nkhani, ndipo wotsogolera nyimbo ndine. Korona watitsekera m'nyumba ya madamu amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Al Barsha, ku Dubai, ntchito ikatha ndi foni basi. Ndiye ndapeza mavidiyo a maula akalekale a ku China. Si ufiti ayi, ndi maphunziro. Ndikudziuza choncho.

Lachiwiri

Zofunika:
timitengo touma makumi asanu (ndilibe, ndatapa supageti wa madamu)
malo abata (bafa)
mtima woyera (tiona)

Umagawa timitengoto pawiri, n'kumawerenga mpaka patuluke mizere isanu ndi umodzi, ina yathunthu, ina yoduka pakati. Supageti akungothyoka! Ine mwana wa mkulu wa mpingo, khale pansi m'bafa, kuombeza. Manyazi andigwira ndili ndekha.

Lachitatu

Yankho: dikira. Mphunzitsi wa m'vidiyo akuti anzeru a chiphunzitso cha Tao amati munthu akhale ngati madzi, asakakamize kanthu, zinthu zimadzichita zokha. Zandikomera bwanji! A Mwanza alemba, "Muli bwanji kansi?" Sindiyankha. Ndine madzi.

Lachinayi

Kusakakamiza kuja ndakuyesa pa ntchito. Mbale sizinadzitsuke. Madamu: "Yalla, fulumira! Wadwala?" Andiyeza kutentha thupi atavala mamasiki awiri.

Ndaombezanso: dikirabe. Koma bambo wa eni angatope. Ndatuma Esinati, mnzanga wa kumapemphero wogwira ntchito m'nyumba ya pansi, poti iye amatuluka ndi galu wa abwana ake. Akawauze a Mwanza kuti apirire. Ine osachita kanthu, wochita akhale Esinati. Nzeru zokhazokha!

Lachisanu

Madamu apeza supageti wothyokathyoka kuseri kwa chimbudzi. "Umadya zosaphika?" Ndavomera. Bola andiyese wosokonekera mutu kusiyana n'kudziwa kuti ndimaombeza. Andiphikira yenseyo, aima pomwepo mpaka nditsirize. Ndadya maula anga, ochokera kuchimbudzi!

A Mwanza zii. Esinati akuti uthenga wafika, "koma ndi munthu wochezeka inu." Galu akuti akuvuta m'mimba, akungofuna kutuluka.

Loweruka

Ndaombeza ndi zotokosera m'mano. Yankho lasintha: nyamuka, nthawi yakwana. Ndalemba, "A Mwanza, ndavomera." Awerenga. Ndasita, ndakolopa, ndasambitsa ana, foni ili m'thumba la epuloni. Madzulo ayankha: "Shukran, zikomo mlongo, Mulungu akudaliseni."

Mlongo?!

Lamulungu

Mapemphero a pa foni, nthawi ya maumboni. Esinati, nkhope wali-wali: "Ambuye andipatsa bambo pakati pa mliri, ine osamufuna n'komwe, ndimangoyendetsa galu." Nthungululu kuchokera ku Dubai konse. Amayi atcheya: "Mlongo wathu wa nyimbo, tiyambitsireni yothokoza." Ndayambitsa. Mawu akunjenjemera, iwo akuti ndi Mzimu.

Ndilibe womudandaulira. Ndinena kuti chiyani, kuti mwamuna ndamutaya chifukwa cha supageti? Khalas, zatha. Zinthu zadzichitadi zokha, kwa Esinati.

Andipempha kuti ndikhale m'komiti ya chinkhoswe. Ndavomera pomwepo. Ulendo uno sindinadikire.