Gelesomu ndi Mbale ya kwa a Kadango

Khalani pansi, ana inu, ndipo iwe wapakonapo uyambe waika lamya m'thumba. Pali mwambi umene mumauponya tsiku ndi tsiku, koma mwini wake simumudziwa. Udayamba chonchi.

Kunsi kwa phiri la Dzalanyama kudali mnyamata dzina lake Gelesomu. Mnyamata wabwinobwino, wolima, wosalawa kachasu, wopatsa moni ndi manja awiri. Chilema chake chidali chimodzi: sankafunsa. Adasesako pabwalo la milandu kuboma zaka ziwiri, ndiye kumeneko adatola mawu amene ankamva kwa akuluakulu a majekete, akuti "potengera kuti". Basitu, mawuwo adamulowa m'magazi. Mtambo ukangoda mu Okutobala, iye: "Potengera kuti kwada, dzinja lafika," n'kukwirira mbewu yonse m'fumbi. Akasokera pamphambano: "Potengera kuti njira iyi ndi yopondeka, ndi yomweyi." Kufunsa ankati n'kwa anthu osayenda.

Ndiye mtima wake udagwa pa mtsikana wa kutsidya, Esinta. Esinta adamulola, koma adati, "A Gelesomu, kaonekereni kwa atsibweni anga a Kadango. Iwo akakana, ine ndilibe pakamwa. Koma poti simunafikeko, ndikuuzeni za pakhomo pao..."

"Usavutike," adamudula Gelesomu. "Potengera kuti ndi atsibweni ako, ndawadziwa kale."

Zimene adakana kumvazo ndi izi. A Kadango adali ndi ntchito ziwiri, kufula uchi ndi kusema ng'oma. Akafinya zisa, zotsalazo ankasungunula kuti likhale phula. Phulalo ankalikanda ndi nsinjiro ndi mafuta a nsatsi, n'kuumba timibulu. Kam'bulu kamodzi akakamata pakati pa chikopa, ng'oma inkalira mozama mpaka kumveka kuseri kwa phiri. Tsiku limene Gelesomu adasankha kupitako kudali chimtali madzulo ake, amayi a midzi itatu, ndipo ng'oma zisanu ndi imodzi zinkadikira phula.

Adafika dzuwa lili paliwombo, jekete yobwereka, thukuta kamukamu. A Kadango adali kunkhalango. Akazi awo, a Nambewe, adamuyalira mphasa pakhonde.

"Pumulani, bambo. Eni nyumba abwera posachedwa. Ine ndithamangire kudambo, mtsuko wauma."

Atatsala yekha, Gelesomu adaona mbale yovundikira kumutu kwa mphasa. Adavundukula. Timibulu tisanu n'kamodzi, tofiirira, tonyezimira, tonunkhira uchi ndi mtedza. Malovu adadzaza m'kamwa.

"Potengera kuti mbale ili pamphasa ya mlendo," adayamba, "ndi ya mlendo. Potengera kuti pano ndi pakhomo pa uchi, ichi ndi chakudya cha ulemu. Ndipo potengera kuti mayi achokapo, akufuna ndidye momasuka. Ha, anthu abwino bwanji!"

Mwaona, ana inu? Khoma, denga, chitseko, zonse wamanga, koma maziko ake ndi mphepo. Chikhalirecho a Nambewe adali asanafike n'komwe pamtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo. Kungokuwa kuti, "Mayi, kodi izi n'zanga?" nkhani ikadathera pompo.

Adaponya koyamba m'kamwa. Kutafuna, kutafuna, osatha. Kukoma kwa uchi kudangolawitsa n'kuthawa, kudatsala chinthu chonga lamba wa njinga. Munthu wina aliyense akadalavula. Koma Gelesomu adati mumtima, "Potengera kuti n'cholimba, ndi mayeso. Akufuna aone ngati mkamwini ali ndi nsagwada zopirira." Adameza, maso ali psuu. Kachiwiri. Kachitatu misozi ili chuchuchu. Pajatu kuchipongozi sunyoza chakudya, ndiye adalimbana nato mpaka kotsiriza. Kotsirizako kadakana kutsika. Kadamata mano akumwamba ndi akunsi, pakamwa n'kutsekeka ngati botolo.

Nthawi yomweyo a Kadango adatulukira, nkhwangwa paphewa, akazi awo ali pambuyo ndi mtsuko. Adakhala pampando n'kumuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndinu a Gelesomu?"

"Mmm."

"Mwayenda bwino?"

"Mmm."

"Ndidamva kuti mumayankhula ngati wailesi. Kodi adakunamizirani?"

"Mmm," adatero Gelesomu, uku akugwedeza mutu ndi kuwomba m'manja mwaulemu.

A Kadango adatembenukira kwa akazi awo. "Nambewe, anthu ndi amabodza. Mnyamata wofatsa chonchi ndidamuona liti? Uyutu ndi munthu."

Mtima wa Gelesomu udavina. Esinta adali m'manja. Chotsala chidali kungokhala duu mpaka kutsanzika.

Apo a Kadango adati, "Dikirani ndimate phula pang'omazi, dzuwa lapendeka." Adatambasula dzanja, n'kuvundukula mbale. Mbee!

"Nambewe! Phula langa lili kuti?"

Gelesomu adamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Phula? Adayang'ana ng'oma zili ndandanda kukhoma, adayang'ana mbale, n'kuzindikira chimene adadya.

"Ine ndidaisiya pomwepo yovundikira," adatero a Nambewe.

"Pansi? Phula la mwezi wathunthu n'kuliika pansi, galu ali pakhomo? Amayi a midzi itatu ndikawauza chiyani ine? Ukalamba wakulowa m'mutu, mkazi iwe!" A Kadango adatola mtengo n'kulunjika kwa galu wawo, amene adali gone pansi pa nkhokwe osadziwa kanthu. A Nambewe adangoti zyoli, manyazi pamaso pa mlendo.

Apa ndiye pamene ndimamukondera Gelesomu, ndipo ndimunenera zabwino mpaka ndidzalowe m'manda. Akadangokhala chete, mlandu ukadagwera galu ndi mayi wosalakwa, iye n'kutenga mkazi. Adalowetsa zala ziwiri m'kamwa, adakanula nsagwada mpaka kudamveka kuti thaa, n'kugwada.

"Bambo, musamenye galu. Mayi sadalakwe. Ndadya ndine."

Mtengo udagwa m'manja mwa a Kadango. "Mwadya? Tonse tisanu n'kamodzi?"

"Kamodzi aka, katsalako pang'ono," adatero Gelesomu, akuwapatsira ndi manja awiri.

"Koma mwana iwe, sudamve kuti si chakudya?"

"Ndidamva, bambo. Koma potengera kuti..."

Sadamalize. Mafuta a nsatsi aja adafika pamene ankapita. Gelesomu adadzambatuka, jekete ili petupetu, kulunjika kuseri kwa nyumba, galu amene adamupulumutsa uja ali pambuyo kumuuwa. A Nambewe adaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

Chimtali chidachitika ndithu, koma ng'oma zopanda phula zinkangoti kwe kwe kwe ngati zitini. Amayi atafunsa chifukwa, nkhani idawanda midzi yonse itatu dzuwa lisanalowe, ndipo adaipekera nyimbo pompo.

Gelesomu adagona pakhonde lija masiku awiri, miyendo ili lendelende. Ndipo onani ubwino wa anthu. A Nambewe, amene adakalipidwa chifukwa cha iye, ndiwo ankamutenthetsera madzi akumwa, kumuphikira phala lamadzimadzi, kumuchapira jekete ya eni ake. Sadamunyoze ngakhale kamodzi. Akamupatsa phala ankangoti, "Ili ndi phala, bambo, imwani. Ndanena ndine." Gelesomu ankalandira misozi ili m'maso, osati ya phula ayi, koma yothokoza.

M'mawa wa tsiku lachitatu adapinda mphasa. Mumtima adali atagamula kale mlandu wake: potengera kuti wachititsa manyazi mudzi wonse, Esinta wapita. Adatsanzika, adathokoza, adafika mpaka pamtengo wa mango. Pamenepo adaima. Adakumbukira kumene "potengera kuti" adamufikitsa dzana. Adabwerera, n'kugwada pamene a Kadango ankasema ng'oma.

"Bambo, ndili ndi funso."

"Mayo ine! Nambewe, thamanga, mlendo wathu ali ndi funso!"

Gelesomu adawomba m'manja. "Kodi... Esinta mundipatsa?"

A Kadango adaika sompho pansi. "Ukadapitirira mango aja, ukadapitiratu, chifukwa ine sindithamangira munthu ndi yankho la funso limene sadafunse. Tamvera, mwana wanga. Munthu wodya phula ndingathe kumuphunzitsa chakudya. Koma wolola kuti galu amenyedwe m'malo mwake, ameneyo alibe mankhwala. Esinta ndi wako. Koma mawa tikupita kunkhalango, ukabweze phula langa, ndipo njuchi sizimva potengera kuti."

Gelesomu adagubuduka pansi kuthokoza. Kunkhalangoko adafunsa mafunso mpaka a Kadango adadandaula kuti bola muja adali womata pakamwa.

Mukuseka? Sekani, koma muthokozenso. Gelesomu ndi Esinta adabereka ana asanu ndi atatu, ndipo wachisanu ndiye adabala bambo anga. Pakadapanda mtima wa a Nambewe ndi funso limodzi lija, ine kulibe, inunso kulibe, pano pakadamera chisoso.

Gelesomu adakalamba ali wofunsa. Ngakhale mkazi wake amuikire mbatata patsogolo, ankayamba wati, "Kodi izi n'zanga?" Ndipo Esinta, akumwetulira, ankayankha ndi mawu amene amayi adaimba pachimtali chija:

"Funsani ndithu, bambo. Safunsa adadya phula."