Chikumbu chimene ndinachiona ndili patali

Mango a kwa apongozi anga ku Malama sindidzawadyanso, ndipo wolakwa musamufune kutali.

Ine ndimaperekera zakudya pa loji ina ku Mfuwe. Magaidi oonetsa nyama zakutchire akamacheza ndi alendo ndimatchera khutu, basi ndikafika kumudzi ndimasanduka profesa. Ku lojiko ndiko ndinamva zoti zikumbu za nyanga zazitali zija zili mitundumitundu. China chotuwa, mphutsi zake zimangodya mitengo youma ngati mupani wakugwa. China chili ndi madontho ofiira pamsana, ndipo mphutsi zake zimaboola mtengo wamoyo mpaka kuupha.

Tsiku lina titapita kukacheza, tinapeza apongozi akazi atakhala pansi pa mango aja, mtengo umene anabzala malemu amuna awo. Ine monga mkamwini ndinanjuta uko pafupi ndi khola la mbuzi, maso pansi.

“Mwaswera bwanji, amayi?”

Anayankha, kenako n’kutembenukira kwa mkazi wanga. “Afunse atate ake Tisa, paja amadziwa za tizilombo. Ichi chili pathunthupa n’choopsa? Ndikuona utuchi pansi.”

Apa munthu wanzeru akanapempha kuti amubweretsere chikumbucho. Ine ayi. Kuyandikira apongozi sindikanatha, kunena kuti sindikuona bwino ndinachita nako manyazi (profesa wathunthu!). Ndinaponya diso kamodzi, n’kuona nyanga zokha zikugwedera.

“Auze amayi asadandaule. N’chotuwa chija, chimangodya zouma.”

“Koma chili ndi timadon...” anayamba mkazi wanga.

“Ndi dothi limenelo,” ndinatero. Ha, pakamwa panga!

Apongozi anali atanyamula kale patapata kuti achiphwanye, komanso ankafuna kuitana munthu adzatokose mabowo ndi waya. Zonse anasiya, poti mkamwini wa ku loji wanena.

Mvula itadutsa, nthambi zinayamba kuuma imodziimodzi. Chaka chotsatira mtengo wonse unali utauma gwa. Mayi aja tsopano amakhala pakhonde, dzuwa la kuchigwa kuno likuwaotcha miyendo, ndipo mpando wa malemu umene unkakhala pamthunzi paja anaulowetsa m’nyumba. Zimandiwawa zedi. Akanandikalipira bwenzi mtima utapepukako, koma sanatero.

Mwezi watha mkazi wanga anabwerako ndi uthenga.

“Amayi akuti ndikuuzeni kuti simunaname. Chotuwa chanu chija chafika tsopano, chadzaza mtengo wonse. Akuti mubwere mudzachione, ndipo ulendo uno mukhoza kuyandikira. Iwo sakhalaponso pamenepo.”