Thewera la Tadala pa sitima ya pamadzi

Mpaka lero anthu akayamba kukamba za kunyanja, ine ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba. Si kuti ndimadana nayo nyanjayo ayi. Iyoyo ndiye ili ndi chifukwa chodana nane.

Zinali zaka zija makuponi a fetereza atangofika kumene kwathu ku Chulu. Chimanga chinachita bwino, fodya nayenso sanatichititse manyazi ku okushoni, ndiye a kalabu ya alimi anapangana zoti akaone nyanja ndi kukwerako sitima ya pamadzi. Amayenera kupita ndi amuna anga, koma nazale ya fodya inali itangomera, yofuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Anangoti, "Pita iweyo ukaoneko dziko. Abambo ndi amayi akupitanso, udandaula chiyani?"

Chodandaula chinalipo. Ine ndili pachitengwa, ndipo kwathu mtengwa sacheza ndi apongozi aamuna ngati mnzake. Ndikawaona akubwera m'njira ndimapatukira patchire n'kugwada mpaka adutse. Iwonso akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wanga Tadala, amene nthawi imeneyo analibe ndi dzino lomwe. (Pamwamba pa mwambowo onjezanipo manyazi anga achibadwa. Ine ngakhale kusukulu ndinkalephera kupempha kuti ndikataye madzi.)

Tinakwera minibasi, kudutsa pa Mtunthama mpaka ku Nkhotakota, ine Tadala kumsana, matewera ndi kamba zili m'thumba la fetereza. Sitimayo inaima patali ndi mtunda, ndipo anatitengera kumeneko pa boti laling'ono. Kukula kwake kunali ngati mashedi a fodya a ku esiteti atasanjikizana. Titakhazikika, bambo wina wogwira ntchito m'sitimamo anaima pakati pathu.

"Makolo anga, zinyalala zonse muziponya mu bini ili uko, pafupi ndi zimbudzi. M'madzi musatayemo kanthu. Anthu a m'mbali muno amamwa madzi omwewa."

Atangotembenuka, wina wa m'kalabu mwathu anati, "Madzi onsewa, khoko la nthochi lingawatani?" Anthu anaseka, ndipo posakhalitsa makoko a nzimbe, majumbo ndi mabotolo zinayamba kutsatira sitima pambuyo ngati anapiye. Ine sindinaponye kanthu, koma mumtima ndinavomereza. Munthu wokulira pa chitsime cha m'dambo, ukaona madzi opanda tsidya umayesa angameze chilichonse.

Apongozi aakazi sanachedwe kugonja. Sitima itangoyamba kuyenda anagwidwa chizungulire, nagona pabenchi atafunda chitenje kumutu. Ndipo nthawi yomweyo ndi imene Tadala anasankha kugwira ntchito yake. Anaigwira ndi mtima wonse.

"Mayi, mwanayo walemera," anatero mayi wina amene ndinakhala naye pafupi, uku akusendera kutali.

Ndinamusintha mobisa, thewera lakudalo n'kulikulunga mu jumbo. Kwathu ndikanangopita kuseri n'kukachapa. Apa ndinadzutsa maso kuyang'ana kumene anatilozera kuja. Njira yopita ku bini ndi kuzimbudzi inali imodzi, yopapatiza, ndipo apongozi aamuna anali atakhala pomwepo, miyendo atatambasula kutseka njira yonse, chipewa chili pabondo, akufotokozera anzawo za magiredi a fodya. Kuti ndidutse ndimayenera kuwalumpha miyendo. Kulumpha apongozi, thewera lili m'manja! M'sitima mulibenso tchire loti n'kupatukirako.

Ndinagwedeza apongozi aakazi. "Amayi, tandithandizani pang'ono."

"Ndisiye ndife," anayankha ali m'chitenje momwemo.

Ndinakankhira jumbo ija pansi pa benchi, n'kumadikira kuti mwina aimirira. Sanaimirire. Dzuwa linakwera, chitsulo cha sitima chinatentha, ndipo jumboyo inayamba kudzilengeza yokha. Ntchentche zinafika (musandifunse kumene zinachokera pakati pa madzi). Anthu anayamba kununkhiza akatundu a anzawo, ndipo amayi ena awiri anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha usipa umene wina ananyamula m'chikwama.

Kenaka sitima inaima pamalo ena kuti itsitse anthu. Aliyense anathamangira mbali imodzi kukaonerera. Ine ndinati mwayi ndi womwewu. Ndinapita mbali inayo, ndinayang'ana uku ndi uku, koma pansi sindinayang'ane. Ndinangotulutsa dzanja n'kutaya.

Ndinkayembekeza kumva chubwi! Ndinamva phwa! Kenaka mawu a mwamuna: "Ndani ameneyo? Ndikuti ndani ameneyo?"

Pansipo panali bwato. Bambo wina wovala kofia anali atabwera kudzagulitsa chambo kwa anthu a m'sitima, ndipo jumbo yanga inaphulikira pakati penipeni pa nsomba zake.

Ndinabwerera pabenchi n'kuyamba kuyamwitsa Tadala, amene sanali ndi njala n'komwe. Posakhalitsa msodzi uja anakwera m'sitima pamodzi ndi bambo wa malangizo uja, thewera atalikoleka kunsonga ya nkhafi ngati mbendera.

"Sitima sinyamuka mwini wake asanaoneke," anatero wa m'sitimayo.

Amayi a ana tinalipo angapo, ndiye ndinaona kuti ndikangokhala chete ndipulumuka. Ndinaweramitsa mutu n'kumapemphera. Apo ndi pamene apongozi aamuna, amene anakana kusuntha m'mawa wonse, anaimirira.

"Tadikirani, achimwene. Tatembenuzani nsaluyo." Anayandikira atatseka mphuno. "Kathumba aka ndikukadziwa. Batani ili ndinasoka ndekha. Anthuni, ili ndi shati langa!"

Matewera a Tadala anandidulira ndi apongozi aakazi kuchokera ku nsalu zakale, ndipo ine sindinafunsepo kuti zinali zayani. Kani limeneli linali shati lobiriwira limene apongozi aamuna analifunafuna dzinja lonse, mpaka kunamizira mbuzi za eni ake.

"Linali litatha lija," anatero mawu ochokera m'chitenje. Odwala aja anali atachira mwadzidzidzi. "Mumangotichititsa nalo manyazi kutchalitchi."

Sitima yonse inafa ndi phwete. Kenaka maso onse anatembenukira kwa mdzukulu wa mwini shati, ndi kwa ine amene ndinamunyamula. Ndinagwada pachitsulo chotenthacho, sindinamve n'kutentha komwe.

"Mayi, ndakulakwirani chiyani?" anafunsa msodzi uja.

"Pepani bambo," ndinanong'ona. "Ndimayesa zigwera m'madzi."

Ndinkaganiza kuti ndayankha mwanzeru. Kani ndawonjeza moto.

"M'madzi! Ndiye m'madzimo ndi m'dzala? Akazi anga amatunga momwemo, ana anga amamwa momwemo. Sitima ikadutsa ife timakhalira kuchotsa majumbo anu m'maukonde. Kwanuko muli ndi chitsime?"

"Tili nacho."

"Ndibwere nalo ili ndidzaponyemo?"

Panalibe woseka tsopano. Ngakhale uja wa khoko la nthochi anali kuyang'ana zala zake za kumapazi. Ine ndinakumbukira chitsime chathu cha m'dambo, mmene timakalipira mwana akangoviikamo chikho chakuda.

Apongozi aamuna anamutengera pambali msodziyo n'kugula nsomba zonse zija, zimene palibe anazilakalaka. Ine ndinali chigwadire, kudikira mawu oti ndikafika kumudzi ndilongedze. Anabwera n'kuima patsogolo panga, ndipo monga mwa masiku onse anayang'ana mwana.

"Iwe Tadala."

Tadala anawasekerera.

"Uwauze amayi ako kuti miyendo ya agogo ako imapindika. Akanangokhosomola, ine ndikanamva."

Atatero anakakhala pamalo pawo paja n'kupinda miyendo mpaka mawondo kufika pachibwano. Msodzi ananditambasulira nkhafi, ndinachotsa thewera lija, ndipo ndinayenda nalo njira yonse yopapatiza ija anthu akundipatukira ngati mkwatibwi. Ndinadutsa apongozi chowerama n'kukaliponya mu bini. Ndinamva akuusa moyo. Sindikudziwa ngati ankandimvera chisoni ine kapena ankatsanzikana ndi shati.

Chichokereni kumeneko sinditaya kanthu m'madzi, ngakhale mu mtsinje wongodutsa. Ndikafuna kuponya, ndimayamba ndayang'ana pansi, ndipo ndimakumbuka kuti kumunsiko kuli wina ndi chikho chake. Phunziro limenelo linalowa.

La kukhosomola ndiye linandikanika. Tsiku lina, Tadala atakula, ndinawapeza apongozi aamuna atakhala pakhomo pa shedi, miyendo ili tambalale, ine nditasenza mtolo wa fodya. Ndinalimba mtima n'kukhosomola. Sanasunthe. Ndinakhosomolanso mwamphamvu, mpaka misozi. Anangondiyang'ana mwachifundo, ine n'kuzungulira kuseri kukalowera pampata wa udzu. Madzulo ake Tadala anabwera akuthamanga, atanyamula kabotolo.

"Agogo akuti mumwe, chifuwa chimenecho sichabwino."

Ndinamwa. Ndikanawayankha bwanji?