Kalaliki Amene Ankaopa Ziro

Ena amaopa njoka, ena jakisoni, koma kalaliki wa pachipatala chathu ankaopa ziro. Akangoona kanambala kozungulirako mu lipoti la pamwezi, thukuta linkayambira padazi mpaka m'nsapato. N'chifukwa chake dzina loti a Ziro linawakanirira mpaka tsiku la maliro awo.

Amene anatopa nawo kwambiri ndi a Nesi aakulu, chifukwa malipoti onse ankasaina ndi iwo.

"A Nesi, mwezi uno palibe mwana amene wabwera ndi chikuku."

"Tithokoze Mulungu, a Ziro."

"Sanadwale, kapena sanabwere?"

"Kodi inu mumafuna ana a eniake azidwala?"

"Ayi, ine ndikungofunsa kuti ali kuti."

Tsiku limenelo tiyi wa a Nesi ankazizirira m'kapu.

Akazi awo a Ziro ankadandaula kuti kunyumba n'chimodzimodzi. "Ndikati ana onse ali bwino, amawaimika pamzere n'kumawagwira pachipumi. Wina akatsokomola, m'pamene bambo anuwa amadya ndi mtima wonse."

Kenaka kunabwera makompyuta. Abwana a kulikulu anafotokoza kuti manambala akakhala bwino, kabokosi kamaoneka kobiriwira, zikavuta kamafiira. Onse anaomba m'manja. A Ziro anakweza dzanja.

"Nanga munthu amene sanafike n'komwe, bwana, amaoneka wa mtundu wanji?"

Abwana anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yopuma yakwana.

Chaka chomwecho, miyezi itatu yotsatizana, palibe mayi woyembekezera wa kutsidya kwa mtsinje amene anabwera kusikelo. Kulikulu anasangalala kuti anthu amva za kulera, ndipo analemba kalata yoti mzamba wathu mmodzi yekhayo asamukire kwina poti ntchito yachepa. Chinatsala n'choti a Nesi asaine. Anafunafuna kalatayo m'madirowa monse, mtima uli m'mwamba, mpaka anaona kangodya ka pepala katasuzumira pampando wa a Ziro. Mkuluyo anali ataikhalira.

"Dzukanipo, a Ziro. Mukufuna kundichotsetsa ntchito?"

"Musaine mawa, mlongo wanga. Amuna a kutsidya ndimawadziwa ine. Miyezi itatu osapereka mimba ngakhale imodzi? Amene aja?"

A Nesi anaseka, kenaka anayamba kuganiza. Kalata akanaichedwetsa, mlandu ukanakhala wawo. Akanaisaina, mayi wofika pano akubuula akanapeza ndani?

M'mawa mwake ananyamukira limodzi pa njinga yamoto kupita kumtsinje, a Nesi akuyendetsa, a Ziro kumbuyo atatsinzina, akutchula ana awo mayina mmodzimmodzi ngati akutsanzika. Pamtsinje anapeza ulalo utapita ndi madzi. Kutsidya amayi anali kuchapa, ena akulephera kuwerama. A Ziro anayamba kuwerenga oyembekezera ndi chala, mawu akukwera.

"Khumi ndi mmodzi!"

Mzamba sanasamuke, ndipo ulalo unakonzedwa. A Nesi ankati tsopano mwina apumako. Koma ngakhale tsiku lomwe lija, ali m'njira yobwerera kuchokera kumtsinje, anamva a Ziro akuwakodola pamsana.

"Amenewo ndi amene anabwera kudzachapa. Nanga amene akulephera kudzuka?"

A Ziro anagwa pampando Lachitatu lina m'mawa, khadi la wodwala lili m'manja. Kunali kuthamanga kwa magazi. Patapita sabata, a Nesi anafuna khadi la malemuwo kuti alitseke. Analipeza pamalo pake, loyera ngati logula dzulo. Zaka makumi awiri ndi zitatu akugwira ntchito pachipatala pano, sanayezedwepo ngakhale kamodzi. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi ankakhala patebulo pa a Nesi, pomwe mkuluyo ankatsamira tsiku lililonse akufunsa za ana a eniake.

Masiku ano malipoti amapita nthawi yake, abwana akuyamikira, ndipo pachipatala pali bata limene a Nesi sakulikhulupirira. Odwala akatha, amatuluka ndi makina aja m'manja n'kumasaka anthu m'makonde. Wosesa anagwidwa kale, dalaivala wa ambulansi amabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Dzulo anapeza mlonda akuwothera dzuwa pageti.

"Ine sindikumva paliponse kuwawa, mayi."

"Ndikudziwa, achimwene. Pindani malaya."