Bowo Lomwe Linazungulira Nyumba Yonse

Inu, sendezani mipando kuno ndikuuzeni za mkulu wina wometa tsitsi, amene tonse timangowatchula kuti a Ndikonzandekha. Dzinali sanabadwe nalo ayi, anachita kuligwirira ntchito. Mpopi ukamadontha kwawo amaumanga ndi mphira wa njinga. Wailesi ikazima amaimenya makofi mpaka iyankhule. Mukawauza zoitana mmisiri amakuyang'anani ngati mwawatukwanira makolo, kenako amakuonetsani zikhatho, ati manja oyendetsa lumo pakhosi pa munthu osamucheka sangalephere kanthu.

Koma pa nkhani ya magalasi panali china choposa kuumira. Pamphambano yopita kumsika pali shopu ya magalasi, yosiyiridwa ndi makolo, ndipo mwini wake timangomuti Wamagalasi. Kalekale, a Ndikonzandekha akufunsira akazi awo, anamva mphekesera yoti mwana wa pa shopu ya magalasi anali atawatsogolera kale, mpaka kugulira mtsikanayo ambulera yamaluwamaluwa. Mtsikanayo anasankha wometa, koma ambulera sanataye. Mpaka lero imapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo a Ndikonzandekha potseka chitsekocho amayang'ana kumbali. Analumbira chamumtima kuti Wamagalasi sadzapondamo m'nyumba mwawo iwo akadali ndi mpweya. Akazi awo akati apite kumsika, iwo amasiya kasitomala mutu uli wometa mbali imodzi, kuthamangira kukawaperekeza. Amanyamula dengu, ndipo pofika pamphambano paja amawagwira dzanja n'kumaseka mokweza popanda choseketsa. Anthu amati banja lachikondi. Ndi nsanje, abale anga, nsanje yomera nayo imvi.

Ndiye tsiku lina kunawomba chimphepo. Zenera la pabalaza chotsekera chake chinathothoka kalekale, iwo anangomangapo waya. Mphepo inalikoka n'kulimenyetsa, galasi limodzi la m'munsi phwaa. Limodzi lokha, laling'ono, loti munthu wodziwa akanaliika madzi asanawire pamoto. Akazi awo anasesa zidutswa, n'kuyamba kunena mofatsa kuti mwina pamphambano paja angathandize. Sanamalize n'komwe.

"Ndikonza ndekha."

Akaziwo sanatsutse. Anangowakumbutsa kuti Loweruka kukubwera apongozi, munthu wa chifuwa wosagwirizana ndi mphepo.

"Amayi akapeza bowo m'nyumba muno, Wamagalasi ndikamuitana ndine, bambo. Ndi tiyi yemwe ndimuphikira."

Tiyi ameneyo ndi amene anawalasa mtima. M'maganizo anamuona Wamagalasi atakhala pampando wawo, mwendo pamwamba pa unzake, akutakasa shuga ndi supuni yawo, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinatsike.

Anayamba ndi katoni ya sopo. Inakhala bwinobwino mpaka mvula inagwa, katoni n'kufewa, n'kugwera mkati. Apa mpamene nzeru zinawafikira. Ku shopu kwawo kunali akalirole awiri, wamkulu wapakhoma ndi wamng'ono woonetsera kasitomala kunkhongo. Wamng'onoyo anakwana pabowo ngati anachita kuyeza. Anamupanikiza ndi timisomali, atamuyang'anitsa kunja, kuti azinyezimira ndipo odutsa aziyesa galasi lenileni.

Tsono nyumbayo ili m'mphepete mwa njira, mukumva? Pofika masana panali pataima anthu. Atsikana ankakonzerapo tsitsi, anyamata ankafinyirapo ziphuphu, mkulu wina wa kwaya anaimapo nthawi yaitali akuyeserera kumwetulira koyera mtima. Akazi a wometa anangokokera mpando kuseri kwa katani n'kumasoka, akumva zonse zimene anthu amadziuza okha akamadziyang'ana. Ati anali asanasangalalepo chotero chikwatiwire. Kenako tambala wa aneba anadumphira pazenera, n'kupeza tambala mnzake akumuyang'ana mwachipongwe. Inu mukudziwa atambala. A Ndikonzandekha pobwera anapeza nthenga panja, zidutswa mkati, bowo lili pomwe paja. Kuyambira tsikulo makasitomala awo amangokhulupirira mawu kuti kunkhongo kwametedwa bwino.

Munthu wina akanagonja. Iwo anazungulira nyumba manja ali kumbuyo, n'kuona kuti magalasi alimo ambirimbiri ongokhala. Bwanji kugula chinthu choti uli nacho kale? Anatenga mpeni wakukhitchini n'kulowa m'chipinda cha alendo, kuyamba kukokota phala louma lija limagwira galasi ku felemu. Mpeni unathyoka nsonga. Atakokotabe ndi chotsalacho, thabwa la felemu linayamba kuyoyoka ngati buledi wouma, kusonyeza kuti chiswe chinadya kale m'kati, zenera lonse linkangogwiridwa ndi penti. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumata mabowowo ndi sopo, pamwamba n'kupakapo polishi wa nsapato. Galasilo pabalaza linakula pang'ono, ndiye anapala felemu ya kumenekonso ndi lumo lakale mpaka linalowa.

Anaitana akazi awo kuti adzaone ntchito ya manja. Akaziwo anayamikira kwambiri, kenako anafunsa kuti kodi amayi adzagona chipinda chiti.

Bowo linasamuka. A Ndikonzandekha anachotsa galasi la kubafa, lija losaonetsa mkati, n'kukaliika kwa alendo, ndipo pabowo la kubafa anapachikapo thaulo. M'mawa mwake akusamba, nyimbo ili pakamwa, sopo anawalowa m'maso. Anapapasa, napeza thaulo, nalikoka. Potsegula maso anaonana ndi mayi a aneba, eni tambala uja, akuyanika zovala pachingwe. Mayiwo ndi munthu waulemu kwabasi, sanathawe kapena kukuwa. Anapereka moni wonse mwadongosolo, kufunsa za m'nyumba ndi za kuntchito, kenako n'kufotokoza bwinobwino mmene tambala wawo wavulalira lipombo. A Ndikonzandekha anayankha zonsezo atanyonyomala, kukungooneka dazi lokha.

Galasi la kukhitchini linapita kubafa tsiku lomwelo. Mphaka anadziwa msanga, ndipo nyama yogulira apongozi inatulukira pabowo la kukhitchinilo. Pomaliza, Lachisanu, anachotsa galasi la kuchipinda kwawo kwenikweniko n'kutseka kukhitchini, kenako anakankhira kabati ya zovala pazenera la kuchipindako. Mkati munada ngati m'thumba, koma bowo silinkaoneka. Anasamba m'manja monyadira, n'kuuza akazi awo kuti akauze wa pamphambano uja kuti tiyi azimwa kwawo.

Loweruka apongozi anafika ndi chikwama chawo ndi chifuwa chawo. Analandiridwa bwino, anadya, n'kupita kukapumula. A Ndikonzandekha anakhala pabalaza mtima uli m'malo, mpaka anamva apongozi akudandaula kuti m'chipindamo mukununkha polishi, atsegule pang'ono zenera. Anafuna kukuwa kuti asaligwire, koma anachedwa. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, kenako chiphokoso. Zenera lonse, felemu ndi magalasi ake omwe, linatuluka m'khoma n'kukagona panja. A Ndikonzandekha podzambatuka anamenyetsa chitseko, ndipo galasi la pabalaza, lija anapalira felemu, linatsetsereka nalo n'kusweka. Anakapeza apongozi ataima pa chibowo choti ng'ombe n'kulowa, chogwirira chili m'manja, akufunsa mwaulemu kuti achiike pati.

Akazi a wometa anapita kuseri kwa chitseko, natenga ambulera yamaluwa, natuluka. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane a Ndikonzandekha sanaperekeze. Chomwe anakwanitsa n'kuvala jekete yawo ya ukwati, yomwe mabatani ake sakumananso, kuti mdaniyo awapeze ali munthu.

Wamagalasi anabwera, kamunthu kakafupi, pensulo kukhutu, tepi yoyezera m'thumba. Anazungulira nyumba akubaya mafelemu ndi pensulo, ndipo pena pensuloyo inkatuluka ndi sopo. Sanaseke, ndipo kusasekako kunapweteka kuposa kuseka. Anafotokoza kuti galasi likasweka felemu ili yolimba, umangosintha galasilo, mtengo wake wosaliza munthu. Koma felemu ikafumbwa kapena ikapalidwa, kuikapo galasi n'kutaya ndalama, umachotsa zenera lonse. Apa ndiye ofunika kuchotsa anali atatu. Atatchula mtengo wake, a Ndikonzandekha anakhala pansi osayang'ana ngati kumbuyo kuli mpando.

Tiyi anabweradi. Iwo anakhala tcheru, maso pa Wamagalasi, kudikira kuti amugwire akuba diso. Koma munthuyo ankangoyang'ana kapu ndi mazenera. Anathokoza akaziwo ngati mmene ungathokozere mayi aliyense wogulitsa pamsika. Poyamba mtima wa a Ndikonzandekha unatsika, kenako unayamba kuwira. Mkazi wawo, amene amuteteza zaka zonsezi pamphambano, munthu n'kumwa tiyi wake osamuyang'ana n'komwe? Chipongwe chimenecho sakanachilola. Anatenga ambulera ija n'kuiika patebulo.

"Iyi mukuidziwa?"

Wamagalasi anaitembenuza, n'kuseka koyamba.

"Ya achimwene anga iyi. Anagula katoni yathunthu, mtsikana aliyense wa mumsewu uno analandira yake. Ine nthawi imeneyo ndinali wa mamina, zofunsira sindinkazidziwa. Iwo anasamuka kalekale, inu musanakwatire n'komwe."

A Ndikonzandekha anatembenukira kwa akazi awo pang'onopang'ono, n'kufunsa ngati iwo ankadziwa zimenezi. Akaziwo anavomera akuthira tiyi wina, osagwedezeka.

"Zaka zonsezi, mayi, osandiuza?"

"Ndikanakuuzani, dengu akanamandinyamulira ndani? Nanga dzanja mukanamandigwirira pati?"

Mphepo inkalowa ndi kutuluka m'nyumba mwaufulu. A Ndikonzandekha anachita manyazi mpaka m'makutu, koma pansi pa manyaziwo anamva kukoma kumene anali atakuiwala. Mayi wa imvi uyu, zoona wasunga ambulera yakutha zaka zonsezi pofuna kugwiridwa dzanja ndi iwo? Misozi inalengeza. Anaimirira, nagwira chanza Wamagalasi ndi manja awiri, namutchula m'bale, namulonjeza kumumeta ulere moyo wake wonse. Mtengo wa mazenera uja anauvomera osanenerera, zomwe sizinachitikepo chibadwire chawo.

Wamagalasi anafika pakhomo, n'kutembenuka ngati wakumbukira kanthu kakang'ono.

"Mafelemu ndi olemera, ndiye Lolemba ndibwera ndi wondithandiza. Achimwene aja anabwerera mwezi watha. Banja linatha, akungokhala, ndipo amakufunsani mayi."

Akazi a wometa anatambasula ambulera ija, n'kuiyang'anitsitsa, n'kunena kuti kawaya kamodzi kapindika, mwina mwini wake angadziwe kakonzedwe kake. A Ndikonzandekha anavula jekete ya ukwati, napinda manja a malaya.

"Mafelemuwo mudzangowatula pageti. Ndikonza ndekha."

Apongozi anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ana nyundo yomwe inali pansi pa tebulo, anayang'ana denga. Kenako anaika chogwirira chija patebulo mosamala, n'kupempha kuti wina awaperekeze kokwerera basi kusanade.